Simenti Itasanduka Mwala

Kwathu ndinachokako chaka chimene mango anachita maluwa osabereka. Sindikumbuka ngati ndinatsanzika. Chimene ndikukumbuka ndi msewu wofiira, ndi lole imene inandinyamula pamwamba pa matumba a makala, ine nditakhala ngati katundu mnzake. Kuyambira pamenepo ndakhala m'malo ambiri, ndipo mukandifunsa mayina ake ndingokunamizani, chifukwa m'mutu mwanga onsewo anasanduka amodzi. Paliponse pamakhala msika, mjigo, ndi anthu oyang'ana kumene kuchokere galimoto.

Malo oyamba anali a msika waukulu. Kumeneko ndinalembedwa ganyu ndi mayi wina wogulitsa mchere, a Nanthambwe. Anali mayi wonenepa, wosakonda kulankhula, ndipo zala zawo zinali zong'ambikang'ambika ndi mcherewo. Tsiku loyamba anandipatsa mbale yoyezera.

"Ukadzaza mbale," anatero, "uzitapa wina ndi zala zitatu, uzithira pamwamba wogulayo akuona. Uzimuuza kuti iyi ndi pulaizi."

"Nanga sitiluza, mayi?"

Anatembenuza mbale ija n'kundionetsa kunsi kwake. Panali pokhomedwa ndi mwala kuti patukukire m'kati.

"Pulaiziyo ndi mchere wake womwe," anatero. "Ife tangomusungirako pang'ono."

Anthu ankachoka pa benchi pathu akumwetulira, mawa lake n'kubweranso ndi anzawo. Ndinakhala pamenepo mpaka miyendo ya a Nanthambwe inatupa, ana awo n'kubwera kudzawanyamula pa ngolo. Mchere wotsala anaugulitsa kwa munthu wina, benchi analiwaza nkhuni. Ine ndinauyambanso ulendo.

Malo achiwiri anali kudambo, kumene anthu ankaumba njerwa. Ndinaphunzira kuponda dothi mpaka lifewe, kulimenya m'chikombole, kukhuthula njerwa pansi osaipotoza. Madzi ankatitungira ndi atsikana a m'mudzi wapafupi, ndipo mmodzi wa iwo, Esinta, ankandiseka kuti mapazi anga ndi aakulu ngati makasu, ndiye ntchito yoponda dothi inandiyenera. Tinaumba njerwa zodzaza dambo lonse, mizeremizere, zikuuma padzuwa. Mwini njerwazo anati atilipira tikawotcha uvuni. Nkhuni zinachedwa, mvula sinachedwe. Tinaima pansi pa mtengo n'kumaonerera njerwa zikufewa m'makona, kenako zikugwa misana, kenako dambo n'kukhalanso dambo monga tinalipezera. Mwini wake anakwera njinga kukafuna ndalama zathu, ndipo mwina mpaka pano akuzifunabe.

Esinta anatula ndowa yake pansi. "Inu simutopa kugwirira ntchito mvula?" anandifunsa.

Tinapita kwawo, ndinaonekera kwa achibale ake, tinamanga banja. Kenako tinanyamuka awiri.

Malo achitatu ndi amene ndinakhalitsa. Inali tauni ya pamsewu waukulu wa phula, pomwe malole amaima kuti oyendetsa adye. Tinayamba ndi misomali, titaiyala pa chiguduli pansi. Kenako tinapeza benchi. Kenako maloko, mahinji a zitseko, penti wa m'zitini zing'onozing'ono. Mvula zingapo zitadutsa tinagula kanyumba ka m'mbali mwa msewu, kutsogolo sitolo, kuseri chipinda chogona. Malata ake anali akale, obookabooka, koma anali athu. M'chipinda chimenecho munabadwira mwana wathu wamkazi, Tiyanjane.

Sindinganene kuti tinalemera. Tinkadya, tinkavala, ndipo munthu akafuna misomali m'tauni imeneyo ankamulozera kwathu.

Tsiku lina masana kukutentha munalowa bambo wovala malaya oyera. Msewu wonse unali fumbi lokhalokha, koma nsapato zawo zinali zonyezimira ngati sanaponde pansi. Anati dzina lawo ndi a Mphonda, ndipo atumidwa ndi banki ina ya ku tauni yaikulu kudzacheza ndi anthu a bizinesi. Anatipatsa moni ngati timadziwana kalekale, Tiyanjane n'kumupatsa switi. Kenako anatulutsa makhadi awiri n'kuwagoneka pa kauntala, lina labuluu, lina lagolide.

"Makhadi awa ndi oodera katundu," anatero. "Mukapita kokaoda, simunyamula ndalama. Banki imakulipirirani, inu n'kudzaibwezera pakutha pa mwezi. Ndipo kugulako kuli ndi mphotho. Pa kwacha handiredi iliyonse imene mwagulira, banki ikubwezerani makwacha awiri. Limenelo ndi labuluuli, la anthu oyenda pang'onopang'ono."

"Nanga linalo?" ndinafunsa.

"Lagolideli nalo limabweza chimodzimodzi. Koma lili ndi bonasi ya polowera. Mukaoda katundu wokwanira m'miyezi itatu yoyamba, banki ikupatsani ndalama yankhaninkhani kamodzi n'kamodzi." Apa anakweza maso n'kuyang'ana denga lathu, pomwe dzuwa linkalowera m'mabowo. "Yokwanira kufolera nyumba ino ndi malata atsopano."

Esinta anasiya kusankha misomali. "Katundu wokwanirayo ndi wa ndalama zingati, bambo?"

A Mphonda anatchula ndalamayo. Inali imene ife tinkaodera katundu wa chaka chathunthu.

"Nanga tikalephera kubweza pakutha pa mwezi?"

"Pamakhala kachiwongola dzanja, mayi," anatero akumwetulira. "Koma anthu ngati inu salephera."

Anati adzabweranso tikaganiza.

Tinaganiza Lamulungu titabwera kutchalitchi, sitolo titatseka. Kuwala kolowera m'mabowo a malata kunali kutagwa pansi madonthomadontho, Tiyanjane akudumpha kuchoka pa lina kufika pa lina.

"Bambo a Tiyanjane," anatero Esinta, "ngati n'kutenga, titenge labuluu. Tizioda monga timaodera, kangachepeko kazibwera, tizigula sopo. Palibe chotithamangitsa."

"Sopo?" ndinatero. "Makwacha awiriawiri adzafolera nyumba ino Tiyanjane atakwatiwa."

"Nanga katundu wa chaka chonse timuika pati? Timugulitsa kwa yani?"

Ndinamutengera pakhomo n'kumulozera tsidya lina la msewu. Kumeneko kunali malo opanda kanthu amene anthu ena anabwera kudzayeza, n'kukhomamo zikhomo zofiira. Tauni yonse inkati pamangidwa sukulu ya sekondale.

"Sukulu simangidwa ndi malovu," ndinatero. "Adzafuna simenti. Tikadzaza simenti muno, omangawo sadzapita kutali. Tigulitsa, tibweza za banki, bonasi ikhala yathu."

"Simenti ndi mvula sizimvana. Mwaiwala njerwa zija?"

"Sindinaiwale. N'chifukwa chake ndikufuna malata. Tigulitsa mvula isanagwe."

Esinta anayang'ana zikhomo zija. Kenako anayang'ana mwana.

"Malatawo ndikuwafuna ndine kuposa inu," anatero motsitsa mawu. "Ndine ndimatchera mabeseni. Ndine ndimasuntha mwanayu kumufunira pouma." Anakweza maso kudenga. "Titenge lagolide. Koma mtima wanga sunakhale pansi."

Kokaoda kunali ngati kutulo. Mwini sitolo yaikulu yooderako katundu analowetsa khadi lija m'kamakina, kamakinako kanalira kamodzi, basi. M'thumba mwanga simunatuluke kanthu, dzanja langa silinapepuke, koma panja anthu anali atayamba kale kukweza matumba a simenti m'lole. Ndinabwerera kunyumba nditakhala kutsogolo ndi dalaivala ngati bwana. Ndinapitanso kachiwiri, ndi kachitatu. Sitolo inadzaza mpaka m'mwamba, matumba ena tinawalowetsa kuchipinda, ndipo tinkagona pakati pa makoma a simenti, tikudzuka ndi fumbi lotuwa m'mphuno. Mwezi wachitatu ukupita kumapeto ndinaimbira a Mphonda, anati tatsala pang'ono kufika pa mlingo, kungakhale kupusa kulekera pomwepo. Ndinapitanso.

Tsidya lina la msewu sikunabwere munthu. Zikhomo zija chiswe chinazidya, mbuzi n'kumadya udzu pomwe pakanakhala makalasi. Ogula simenti ankabwera monga kale, wina thumba limodzi la pa manda, wina awiri a pakhonde. Mwezi ukatha tinkapereka ku banki zomwe tapeza, zotsala n'kumabereka.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera msanga. Anthu anati ndi chizimalupsa, igwa lero mawa ikhala itapita. Sinapite. Tinagula mapulasitiki n'kufunditsa matumba, koma madzi ankalowa kumwamba, chinyezi chikukwera kuchokera pansi. Esinta anatchera mabeseni, mapoto, ndowa, mpaka makapu. M'mawa wina ndinapisa dzanja pansi pa pulasitiki, ndipo thumba linali lotentha ngati thupi la munthu wodwala malungo. Ndinagwira lina, nalonso. Masiku angapo atapita onse anazizira. Ndinagogoda limodzi ndi hamala, hamala inadumpha.

Bonasi inabwera mvula ili pakati. Foni inalira, uthenga ukutiyamikira kuti takwanitsa. Ndinakwera minibasi kupita ku tauni yaikulu, ndinaima pamzere, ndinafika pawindo. Mtsikana wa kuseri kwa galasi anayang'ana pa kompyuta yake.

"Bonasi yanu inalowa kale, bambo."

"Ndiye ndabwera kudzatenga, achemwali."

"Silowa m'manja. Imalowa m'khadi momwemo, n'kuchepetsa ngongole." Anatembenuza kompyuta ija pang'ono kuti ndione, ngakhale sindinaone kanthu koma manambala. "Koma chiwongola dzanja cha miyezi imeneyi chaposa bonasiyo. Ndiye ngongole yanu ndi yaikulu kusiyana ndi poyamba."

Anandiyankhula mwaulemu, ndipo ndikuganiza kuti anandimvera chisoni. Kumbuyo kwanga munthu wina anali atayamba kale kundikankha.

Makwacha awiriawiri aja sanasiye kubwera. Nthawi iliyonse ndikaoda misomali kuti sitolo isatsekeke, foni inkalira kutithokoza kuti tabwezeredwa kenakake. Esinta anafika pomaibisa foniyo pansi pa mtsamiro kuti asaimve.

Amuna a lole otumidwa ndi banki anabwera mvula itatha, udzu utayamba kufiira. Sanakalipe, sanatitukwane. Anatenga misomali, penti, maloko, sikelo, mashelefu. Nyumba inagulitsidwa kwa munthu wofuna kutsegula malo omwera mowa. Simenti yokha anaisiya. Mmodzi wa iwo anaimenya ndi nsapato, n'kupukusa mutu.

Mwini watsopano anati tichotse miyala yathu. Tinainyamula ine ndi Esinta, wina uku wina uku, umodziumodzi, n'kumaindandalika m'mbali mwa msewu. Mapepala anang'ambika, koma mwala uliwonse unasunga maonekedwe a thumba lake, ndi makwinya omwe. Itandanda choncho inkaoneka ngati anthu ogona chafufumimba. Tisanamalize n'komwe, anthu odikira malole anali atayamba kukhalapo.

Achimwene ake a Esinta anabwera kudzatenga mlongo wawo ndi mwana. Sanandinene.

"Alamu," anatero, "kumudzi chakudya chiliko. Awa akhale kaye kumeneko. Inu mukapeza poima, mudzawatenge."

Esinta anabereka Tiyanjane kumbuyo ngakhale anali wamkulu kale woti n'kuyenda yekha. "Tinagwirizana tonse," anandiuza. "Musamadzidye mtima nokha." Atakwera galimoto sanacheuke, koma mwana anacheuka, ndipo anandiyang'ana mpaka pa kona.

Zitatero malo anayamba kusinthana msangamsanga. Kwina ndinakumba zimbudzi. Kwina ndinasenza matumba a fodya, kwina ndinalondera munda wa nzimbe wa munthu amene sindinamuonepo. Ndikapeza kangachepe ndinkatumiza pa foni. Poyamba Esinta ankandiuza zonse, za mbuzi imene yabereka, za dzino la mwana limene lagweduka. Kenako mawu anayamba kuchepa. Tsiku lina ndinamupempha kuti andipatsire Tiyanjane, ndinamva kunong'onezana, kenako Esinta anabwereranso.

"Akukana. Akuti mawu anuwo sakuwadziwa."

Mvula ina inagwa n'kutha, inanso inagwa n'kutha. Kenako Esinta anandiuza kuti achibale ake akhala pansi. Ndikapanda kufika ndi kanthu m'manja dzinja likudzali lisanayambe, andisudzula, iye amupezere wina womulimira.

Nthawi imeneyo ndinali m'tauni ina ya m'phiri, yozizira, yokhala ndi chipatala chachikulu. Ndinamva kuti ofesi ina ikufuna anthu odziwa kuyankhula ndi a bizinesi. Nditalowa, pampando panali a Mphonda. Anali atanenepa, tsitsi litayamba imvi, koma nsapato zinali zomwe zija zosaponda pansi. Ndinaganiza kuti sandizindikira.

"A simenti aja," anatero, akundipatsa dzanja. "Inu ndiye oyenera ntchito imeneyi. Khadili mukulidziwa kuposa tonsefe."

Anandipatsa malaya oyera ndi makhadi awiri oonetsa anthu. Malipiro anali a pa mutu: munthu akatenga labuluu ndinkalandira kangachepe, akatenga lagolide ndinkalandira zokwanira ulendo wa kwa Esinta ndi zotsala zoonetsa achibale ake.

Ndinayenda m'misika, m'masaluni, m'magalaja. Mawu a a Mphonda ankatuluka m'kamwa mwanga osawaitana, ndipo ndinazindikira kuti nanenso ndikalowa pamalo ndimayamba ndayang'ana chimene chawonongeka, denga kapena firiji kapena matayala. Koma ndikafika pa lagolide lilime linkalemera. Ndinkalibweza m'thumba, n'kulembetsa munthuyo labuluu. Ndalama zake zinkathera pa lendi ndi chakudya. Uku kumwamba mitambo inayamba kusonkhana masana, kenako n'kubalalika.

Kumunsi kwa chipatala kunali shedi ya bambo wina wokhoma mabokosi a maliro, a Chikuse. Anali wachikulire, wowonda, utuchi utadzaza m'nsidze zawo. Anandiitana okha ndikudutsa.

"Achimwene a malaya oyera, tabwerani. Ndamva muli ndi khadi logulira matabwa osatulutsa ndalama."

Ndinagoneka makhadi onse awiri pa thabwa limene ankapala. Ndinafotokoza labuluu. Iwo analoza linalo ndi chibwano.

"Ilo ndi lija la bonasi?"

"Ndi lomwelo."

"Ndipo limalola kutenga katundu wambiri kuposa linzakeli?"

"Limalola."

"Ndilembeni limenelo."

Ndinayang'ana shedi yawo, mizati yake yopendekeka, macheka awiri, mabokosi atatu oyedzamira khoma. Ndinaganiza za Esinta ndi za dzinja. Kenako ndinakhala pa chitsa n'kuwauza zonse: za zikhomo zofiira, za matumba otentha, za mtsikana wa kuseri kwa galasi, za amuna a lole. Ndinawauza kuti bonasiyo sadzaigwira m'manja, ndiponso kuti akangophonya mwezi umodzi, miyezi yotsatirayo idzawathamangitsa mpaka kuwagwetsa. Iwo ankangopala thabwa lawo, zipalo zikugwa pansi zopiringizika.

"Mwatha?" anafunsa.

"Ndatha, bambo."

"Mwachita bwino kundiuza. Si onse akanatero." Anasasa utuchi pa thabwa. "Koma mkazi wanga ali kumtundaku, pa bedi. Mankhwala amene akufunika m'chipatala mulibe, akuti tikagule kunja. Ndalama ndinasungira matabwa ipita kumeneko mawa. Matabwa ndigula ndi khadi lanulo. Za mwezi wachinayi ndidzaziona mwezi wachinayi."

"Labuluu nalo lingakuthandizeni."

"Lingandithandize theka. Mankhwalawo si a theka." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mawu. "Komanso katundu wanga si simenti, achimwene. Mvula simuwononga. Imachita kumubweretsera ogula."

Ndinatulutsa foni ya kuntchito, anadinda chala chawo pomwe ndinawalozera. Chalacho chinali chosalala ndi ntchito, makina anakana kawiri asanachilandire.

Ndikunyamuka ndinaona bokosi lina kuseri kwa shedi, lofunditsidwa ndi chitenje. Linali la mlombwa, losamalizidwa, lokhomedwa mosamala kuposa onse.

"Ilo n'la ndalama zingati?" ndinafunsa, pongofuna chonena.

"Ilo si logulitsa," anatero a Chikuse osayang'anako. "Ndimalipala pang'onopang'ono, kuti lisathe msanga. Tandigwirirani thabwali ndicheke."

Ndinagwira. Anacheka mpaka kumapeto, utuchi ukugwera pa malaya anga oyera.

Ndalama yanga inalowa tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Ndinakwera pamtunda pomwe foni imagwira bwino, mphepo ikuwomba ndi fungo la mvula ya kutali, n'kuimbira Esinta.

"Mayi a Tiyanjane, ndapeza. Ndikubwera."

"Mwapeza bwanji?"

"Munthu mmodzi watenga lagolide."

Ndinamva nkhuku kumbali kwake, ndi mwana wina akuimba.

"Ndani?"

"Bambo wina wokhoma mabokosi. Mkazi wake akudwala."

"Munawauza zonse?"

"Ndinawauza."

"Za simenti zomwe?"

"Zomwe."

"Ndiye anadindabe?"

"Anadinda."

Anapuma mpweya wautali.

"Bwerani nazo ndalamazo," anatero. "Koma mwanayu musadzamuuze kumene zachokera."